Boma likasiya kugulitsa mowa, chimatsatira n'chiyani?

Nachisale, Hamilton:
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yandikhala pamtima ndipo ndikufuna ndimve kwa inu amene mukukhala kumadera kumene zoterezi zinachitika kale. Kuno ku Ontario, chigawo cha dziko la Canada, mowa waukali timagula m'masitolo a boma otchedwa LCBO, omwe anayamba mu 1927. Kuyambira pa 5 September 2024 boma la a Doug Ford linalola timasitolo tapakona, ngakhale ta pamalo othirira mafuta galimoto, kuti tizigulitsa beer, vinyo ndi zakumwa za m'zitini zosakaniza kale zija. Timasitolo toposa 4,000 tinapatsidwa ziphaso. Ogwira ntchito ku LCBO ananyanyala ntchito mu July chaka chomwecho, koyamba m'mbiri yawo, ndipo nkhani ya zam'zitiniyi inali pakati pa madandaulo awo. Whisky, gin ndi vodka zikadali m'manja mwa boma, koma ambiri akuti sizikhalitsa.

Chandiwawa ine ndi ichi. Kasitolo kamene ndimatuma mwana wanga wa zaka 17 kukagula buledi ndi mkaka, lero kali ndi filiji yodzaza mowa pafupi ndi ya majuwisi. Zitini zake n'zokongola, zojambulidwa mango ndi mandimu, moti ine mwiniwakene ndinatsala pang'ono kunyamula chimodzi ndikuyesa chakumwa wamba. Amayamba kugulitsa 7 koloko m'mawa, nthawi imene ana akudutsa kupita kusukulu. Kodi ndikungoda nkhawa pachabe? Kumene boma linasiyiratu malonda a mowa, zinthu zinatha bwanji?

Bambo a Tadala, Tacoma:
Achemwali, nkhawa yanu ndikuimva. Ndikuuzeni zimene ndinaona kuno ku chigawo cha Washington ku America, chifukwa ndinafika mu 2008 zinthu zisanasinthe.

Nthawi imeneyo magolosale amagulitsa beer ndi vinyo basi. Mowa waukali umapezeka m'masitolo a boma ndi ena ogulitsa m'malo mwa boma, onse pamodzi pafupifupi 330 m'chigawo chonse. Dongosolo limeneli linayamba mu 1934, atangochotsa lamulo loletseratu mowa m'dziko la America. Mu 2010 anayesa kulithetsa kudzera pa voti, anthu anakana. Mu November 2011 anabweranso ndi voti ina, yotchedwa Initiative 1183, ndipo kampani ya masitolo akuluakulu ya Costco yokha inathira madola oposa 22 miliyoni pokopa anthu. Pa wailesi, pa TV, m'timapepala totiponyera pakhomo, uthenga unali umodzi: boma lituluke m'malonda a mowa. Anthu pafupifupi 59 pa 100 alionse anavomera, ndipo pa 1 June 2012 mabotolo anali atadzaza mashelefu m'masupamaketi. Malo ogulitsira anachoka pa 330 paja kufika kuposa 1,400.

Ambiri anavota akuganiza kuti mtengo utsika. Unakwera. Misonkho yakale inatsala momwemo, 20.5 peresenti pa mtengo wogulira ndi madola 3.77 pa lita iliyonse. Pamwamba pake lamulo latsopano linaika 17 peresenti yoti wogulitsa azipereka ku boma, ndi 10 peresenti kwa makampani opikulitsa, imene pambuyo pake inatsika kufika pa 5. Ndalama zonsezi zinagwera wogula. Masitolo ambiri amalemba pa shelefu mtengo wopanda msonkho. Botolo la 750 ml lolembedwa madola 20, ukafika pa tilu akuuza 26.93. Ndinagwirapo ntchito pa tilu miyezi yoyambirira ija, ndipo tsiku silimatha osakangana ndi munthu woganiza kuti ndamubera. Ofufuza anapeza kuti mabotolo a 750 ml anakwera ndi pafupifupi 15 peresenti. Mpaka lero msonkho wa mowa waukali kuno ndi wokwera kuposa zigawo zina zonse za America. A ku Vancouver ya kuno amawoloka mtsinje wa Columbia kukagula ku Portland m'chigawo cha Oregon, a ku Spokane amapita ku Idaho. Ndipo ku Oregon ndi ku Idaho komweko mowa waukali ukadali m'manja mwa boma.

Mbewe, Edmonton:
Bambo a Tadala, ndiye kuti vuto lanu ndi msonkho, osati amalonda. Boma linatuluka pakhomo n'kulowera pawindo. Kuno ku Alberta, ku Canada, tinayamba kalekale, mu 1993 nthawi imene a Ralph Klein amatsogolera chigawochi. Nduna yawo a Steve West inalengeza mu September, pofika kumayambiriro kwa 1994 masitolo onse a boma, 208, anali atagulitsidwa kapena kutsekedwa. Lero alipo oposa 1,500. Kale mitundu ya mowa inali pafupifupi 2,000, lero ndi yoposa 20,000. Ine ndimayendetsa thiraki yoperekera katundu m'masitolo amenewa, ndipo eni ake ambiri ndi anthu obwera ngati ife, banja lonse likudyera pamenepo, ana akuphunzira. Boma lili ndi zipatala, misewu, sukulu zoti liziyang'anira. Liziimanso pa kauntala kumagulitsa vodka?

Bambo a Tadala, Tacoma:
A Mbewe, mwanena zoona pa msonkho, sindikutsutsa. Boma la kuno silinaluze ndalama ayi, linayamba kutolera zambiri kuposa kale. Koma za amalonda ang'onoang'ono zija, kwathu kuno zinayenda mosiyana. Lamulo linati sitolo yofuna chiphaso cha mowa waukali ikhale yaikulu masikweya fiti 10,000 kapena kuposa. Anati akuteteza kuti mowa usapezeke m'timasitolo tapakona, koma amene anapindula ndi masupamaketi akuluakulu. Ang'onoang'ono analowa pogula pa okushoni malo a masitolo a boma aja, 167, ndipo boma linapezapo madola oposa 30 miliyoni. Ambiri mwa ogulawo anali obwera, anakongola ndalama, ena anapinyolitsa nyumba. Atatsegula anapeza kuti supamaketi ili tsidya la msewu ikugulitsa botolo lomwelo motchipa chifukwa imapikula zambiri nthawi imodzi. Masitolo ambiri oterewa anatsekedwa m'zaka zochepa. Ogwira ntchito a boma pafupifupi 1,000 anataya ntchito. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anagwira m'sitolo ya boma zaka zambiri, ali ndi penshoni ndi inshuwalansi ya kuchipatala. Anadzapeza ntchito yogulitsa mowa womwewo m'golosale, maola osakwana, malipiro otsika.

Nachisale, Hamilton:
A Mbewe, nanga malipiro a ogulitsa kwanuko anakhala bwanji?

Mbewe, Edmonton:
Anatsika, achemwali, sindingabise. Anatsika pafupifupi ndi theka poyerekeza ndi a m'masitolo a boma, chifukwa kunalibenso mgwirizano wa apantchito. Koma ntchito zinachuluka. Ndipo musaganize kuti boma linataya chiwongolero. Mowa wonse umadutsabe m'manja mwa bungwe la boma, AGLC, limaikapo gawo lake usanafike kwa wogulitsa. Komanso kuno mowa sugulitsidwa pakati pa buledi ndi mkaka. Ngakhale supamaketi yaikulu imamanga bottle store yake payokha, khomo lakelake. Mwana wotumidwa buledi alibe chifukwa cholowera mmenemo.

Nachisale, Hamilton:
Eya, khomo lakelake limenelo ndi limene ndikulilira ine.

Bambo a Tadala, Tacoma:
Khomo limenelo ndi nkhani yaikulu, achemwali. M'masitolo a boma aja khomo linali limodzi, sitolo yaing'ono, wogulitsa amakuona ukulowa, ndipo mwana wosakwana zaka 21 akalowa yekha aliyense amamuyang'ana. Ambiri amatseka usiku usanapite patali, ena osatsegula Lamulungu. M'supamaketi mowa umagulitsidwa kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 2 koloko usiku, ndipo ana amalowa momwemo kukagula maswiti.

Usiku wina cha m'ma 11 ndikukonza shelefu, analowa anyamata atatu, palibe ndi mmodzi yemwe amene anali atamera ndevu. Mmodzi anakandifunsa kumene kuli mabatire kuti andichotse pamalopo. Pobwerera ndinaona mnzake akutseka chikwama cha kusukulu, mabotolo akugundana mkatimo. Anandiyang'ana m'maso, n'kutuluka mwakachetechete osathamanga n'komwe. Abwana anali atatiuza kuti tisamathamangitse wakuba, moyo ndi wofunika kuposa botolo, ndipo pamenepo ndimagwirizana nawo. Pa shelefu panasowa mabotolo asanu a vodka. Ndinangoima pamenepo ndikuganiza kuti usiku womwewo ana ena ake akamwa mowa umenewu kwinakwake popanda wamkulu aliyense. Tadala wanga panthawiyo anali wamng'ono, koma nkhope ya mnyamata uja sindinaiiwale. Patapita nthawi masitolo anayamba kuika zotsekera zapulasitiki pakamwa pa botolo, ena makabati agalasi okhoma. Zimene boma limachita ndi khomo limodzi, amalonda anadzaziphunzira atabedwa kaye.

Mbewe, Edmonton:
Kuba kumeneko musakuike pa amalonda okha. Kuno ku Edmonton cha m'ma 2018 ndi 2019 kunavuta kwambiri, anthu kumalowa ndi zikwama kumadzaza masana dzuwa likuswa mtengo, mpaka masitolo ena anayamba kukhoma chitseko, uonetse kaye chitupa ndiye akutsegulire. Koma nthawi yomweyo ku Winnipeg, kumene masitolo ndi a boma la Manitoba, kunali chimodzimodzi, ogulitsa kumamenyedwa, ndipo nawonso anaika zitseko zoonetsa chitupa. Wakuba safunsa kuti sitolo ndi ya ndani.

Nankhoma, Uppsala:
Ndakhala ndikuwerenga chamumtima, ndiloleni ndiponyepo mawu. Ine ndimagwira ntchito yaunamwino, ndiye ndimaiona nkhaniyi kuchokera ku wodi. Mwakamba za mtengo, ntchito ndi kuba, koma funso la a Nachisale ndi lakuti anthu amamwa kwambiri kapena ayi.

Dziko la Finland linayesa mu 1969. Linalola kuti beer wa mphamvu yapakatikati atuluke m'masitolo a boma a Alko n'kumagulitsidwa m'magolosale, mpaka kumidzi kumene kale kunalibe sitolo ya mowa, ndipo linatsitsanso zaka zoyambira kugula. M'chaka chimodzi chokha mowa womwedwa m'dziko lonse unakwera ndi 46 peresenti. Akuluakulu amayembekezera kuti anthu asiya mowa waukali n'kutembenukira ku beer. Anthu anangowonjezera beer pamwamba pa waukali uja.

Kuno ku Sweden anachita zofanana mu 1965, beer wotchedwa mellanöl analowa m'magolosale. Achinyamata kuledzera kunafika poipa, moti mu 1977 anamuchotsamo. Atatero, achinyamata ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha mowa anachepa. Lero pafupifupi chakumwa chilichonse choposa 3.5 peresenti chopita nacho kunyumba timagula ku Systembolaget, sitolo ya boma imene inayamba mu 1955. Wogula akhale wa zaka 20. Loweruka amatseka 3 koloko masana, Lamulungu satsegula. Mulibe filiji, mulibe zoti gula awiri wachitatu ndi waulere, mulibe timabotolo tokukopa pa tilu. Wogulitsa akakana kukugulitsa chifukwa waledzera kale kapena ulibe chitupa, malipiro ake sasintha ngakhale pang'ono. A Mbewe, mwini bottle store amene ali ndi ngongole ku banki, lendi ikumudikira, ndipo masitolo ena atatu ali mumsewu womwewo, akamabweza kasitomala woledzera akubweza chakudya cha ana ake. Sindikunena kuti ndi munthu woipa. Ndikunena kuti mwamuika pamalo ovuta kukana.

Mbewe, Edmonton:
Mayi Nankhoma, ndakumvani, ndipo za mwini sitolo wangongoleyo ndimaziona. Koma zimenezo ndi za 1969. Bambo a Tadala atiuze ngati ku Washington mowa unakwera ndi 46 peresenti.

Bambo a Tadala, Tacoma:
Ayi, sunafike pamenepo. Waukali wogulidwa unakwera ndithu, koma osati modumpha choncho.

Nankhoma, Uppsala:
Ndipo chifukwa chake mwachinena nokha kumayambiriro. Malo ogulitsira anachuluka kanayi, maola anatalika, koma mtengo unakwera. Phazi lina linali pa mafuta, lina pa buleki. Msonkho umene a Mbewe akudana nawo ndi umene unagwira buleki. Mu 2011 gulu la akatswiri a zaumoyo ku America, Community Preventive Services Task Force, linaunika kafukufuku wa madera osiyanasiyana amene anasiyira amalonda, ndipo linalangiza kuti maboma asamatero. Linapeza kuti chakumwa chimene chatulutsidwa m'manja mwa boma chimagulidwa mowonjezereka ndi pafupifupi 44 peresenti, kutengera pakatikati pa zotsatira zonse. Ndivomere kuti zambiri mwa zitsanzozo zinali za vinyo m'madera amene kale anthu samamwa vinyo kwenikweni, ndiye kukwera kwake kumaoneka kwakukulu. Komabe mbali imene zinthu zimapendekera ndi imodzi. Ndipo amene amamva msanga si munthu womwa botolo limodzi Loweruka. Ndi uja amene akulimbana ndi kusiya, amene kale amapulumuka Lamulungu chifukwa sitolo ndi yotseka. Ndi amene timawalandira ku wodi chiwindi chitatupa.

Gogo Phiri, Dedza:
Ana anga, mdzukulu wanga ndi amene akundilembera, maso anafooka. Ndamva mukutamanda boma logulitsa mowa, ndiye ndati ndikuuzeni zimene ndidakulira.

Bambo anga adapita ku Rhodesia kukagwira ntchito ya njanji, ine ndidabadwira m'komboni kumeneko. Mowa wa masese udali m'manja mwa khonsolo ya azungu. Munthu wakuda samaloledwa mowa wa azungu, ndipo samaloledwanso kudzifululira wake m'tauni. Ukafuna kumwa upite ku holo ya mowa ya khonsolo, bwalo lalikulu la mpanda, mabenchi a simenti, mowa m'zigubu. Lachisanu la malipiro azibambo amathera kumeneko. Amayi anga amafulula mobisa kuti tipeze ya sukulu, mgolo adaukwirira pansi kuseri kwa khitchini n'kuikapo nkhuni pamwamba. Tsiku lina apolisi adabwera ndi zitsulo zobayira pansi, adaupeza, adautaya pabwalo ife tikuona, amayi n'kuwatenga. Bambo adakongola ndalama ya faindi kwa anzawo a ku Nyasaland. Mowa womwewo ukafululidwa ndi amayi unali mlandu, ukagulitsidwa ndi khonsolo unali chitukuko. Amatiuza kuti ndalama za mowa ndi zimene zikumangira nyumba zathu ndi kiliniki, ndipo zidali zoona. Tanthauzo lake lidali lakuti azungu asatulutse msonkho wawo pa ife, abambo athu amwe kuti tipeze mpopi wa madzi. Boma likamadya za mowa silifuna kuti anthu asiye kumwa. Ine ndidaziona.

Chisale, Durban:
Zikomo Gogo, mwatikumbutsa za kuno komwe ndili. Njira imeneyo inayambira kuno ku Durban kutsatira lamulo la 1908, mpaka imatchedwa Durban system, ndipo matauni ena kummwera kwa Africa anatengera. Mu 1929 anthu ananyanyala maholo a mowa. Mu 1959 amayi a ku Cato Manor analowa m'maholo ndi ndodo kuthamangitsa azibambo ndi kutaya mowa. Mu 1976 ana a sukulu ku Soweto anawotcha maholo ndi ma bottle store a boma chifukwa amaona kuti makolo awo akugonekedwa tulo ndi mowa. Ku Bulawayo mowa wa Ingwebu ndi wa khonsolo mpaka pano. Ndiye mawu akuti sitolo ya boma ku Sweden ndi kuno samveka mofanana.

Mbewe, Edmonton:
Gogo mwandilankhulira. A Nachisale, LCBO yanuyo cha m'ma 2023 inkapereka ku boma la Ontario madola pafupifupi 2.5 biliyoni pachaka, ndipo imasindikiza magazini okongola okopa anthu kuti agule vinyo. Limenelo ndi boma loteteza anthu kapena ndi wamalonda wovala suti ya boma?

Nankhoma, Uppsala:
Gogo, ndaweramitsa mutu, nkhani ya amayi anu yandikhudza. Ndipo ikugwirizana ndi zimene ndimafuna kunena. Holo ya khonsolo ija inamangidwa kuti itolere ndalama, ndiye imafuna anthu amwe. Systembolaget inapatsidwa ntchito yochepetsa mavuto a mowa, ndipo anthu a kuno ali ndi mphamvu yochotsa boma pa voti akaona kuti yasokonekera. Makolo anu analibe voti. Funso loti tizifunsa pa sitolo iliyonse ndi lakuti amene waima kuseri kwa kauntala, ndi bwana wake, amapindula chiyani botolo lina likatuluka. A Mbewe, pa za magazini a LCBO ndili nanu limodzi. Sitolo ya boma ikayamba kutsatsa malonda yayamba kutaya chifukwa chimene inakhalirapo.

Aphunzitsi Kamanga, Blantyre:
Inu muli kunja mukukangana za boma kutuluka m'malonda a mowa, ife kuno tikukhala kumapeto kwa msewu umenewo. Mowa umagulitsidwa ndi aliyense, paliponse, nthawi iliyonse. Lamulo lilipo, zaka 18, chiphaso cha kukhonsolo, maola otsekera, koma pitani m'makwalala mukaone. Mukukumbukira nthawi ya masacheti? Mowa waukali m'kapulasitiki kolowa m'thumba la yunifolomu, mtengo wake ngati wa zitumbuwa, ukulendewera pa okala limodzi ndi machesi ndi sopo. Ndinagwirapo mnyamata wa Sitandade 7 atagona pa desiki 9 koloko m'mawa. Ndimayesa malungo. Nditamudzutsa fungo linandiuza zonse, ndipo m'sokosi mwake munali masacheti awiri osatsegula. Mayi ake atabwera analira, anati ndalama imene anamupatsa inali ya mandasi. A ku Zambia analetsa tujilijili mu 2012, ifenso boma linadzaletsa masacheti, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo ting'onoting'ono totchipa. Palibe anavota kuti zikhale chonchi. Zinangokula chifukwa panalibe woima pakhomo. A Nachisale, filiji imene mwaionayo musaipeputse.

Che Jafali, Mangochi:
Ine mowa sindimwa, chipembedzo changa sichilola, koma ndimayendetsa minibasi ndipo oledzera ndimakumana nawo pamsewu usiku uliwonse. Aphunzitsi anena zoona. Kungoti kuno boma litati litsegule masitolo akeake a mowa, kachasu wa kumudzi angamuletse ndani? Anthu angothawira kumeneko.

Aphunzitsi Kamanga, Blantyre:
Che Jafali, sindikupempha kuti boma litsegule ma bottle store. Sitingakwanitse, ndipo amayi ofulula masese ndi otcheza kachasu ndi ambiri, ena akuphunzitsa ana ndi ndalama imeneyo ngati amayi a Gogo. Ndikupempha zing'onozing'ono zimene makhonsolo ali nazo kale mphamvu. Bala isakhale moyang'anizana ndi geti ya sukulu. Ogulitsa mwana alandidwe chiphaso. Mowa wa kufakitale usatsike mtengo kuposa botolo la Fanta.

Chisale, Durban:
Palinso funso lina, loti zikalakwika zimabwezeka kapena ayi. Ku Delhi, India, boma linatuluka m'malonda a mowa mu November 2021 n'kusiyira amalonda. Masitolo anayamba mpikisano wotsitsa mitengo, ena gula limodzi lina laulere, mizere mpaka pamsewu. Pofika September 2022 ndondomekoyo inathetsedwa, masitolo a boma anabwerera, ndipo nkhani ya mmene ziphaso zinaperekedwera inafika ku makhoti mpaka a Arvind Kejriwal, amene amatsogolera boma la Delhi panthawiyo, ndi wachiwiri wawo a Manish Sisodia anamangidwapo. Pamene pali ziphaso za mowa pamakhala ndalama zambiri, ndipo ofuna kudyapo sachedwa.

Bambo a Tadala, Tacoma:
Ku Delhi anabweza msanga chifukwa chaka chinali chisanathe. Kuno zaka zadutsa zoposa khumi, ndipo palibe wandale amene angayerekeze. Nyumba za masitolo zinapita, ogwira ntchito anabalalika, nkhokwe yaikulu ya boma ku Seattle inagulitsidwa, ndipo masupamaketi amene akudyapo ali ndi ndalama zomenyera nkhondo. Ndimakumana ndi anthu amene anavota inde akunena kuti akanadziwa za mtengo sakanatero, koma anazolowera kugula gin limodzi ndi anyezi. Oregon itaona zathu, kangapo konse magolosale ayesa kubweretsa voti yotere koma siinafike pa balota. Ku Pennsylvania nyumba ya malamulo inavomereza zogulitsa masitolo a boma mu 2015, bwanamkubwa Tom Wolf anakana kusaina, chaka chotsatira analola vinyo yekha m'magolosale.

Mbewe, Edmonton:
Ine sindisintha maganizo, boma lisagulitse mowa. Koma ndikuvomera kuti masitolo 1,500 ndi ambiri. Pali msewu wina umene ndimatsitsa katundu m'masitolo anayi osasuntha thiraki mtunda wopitirira mphindi ziwiri, ndipo ndi kudera la anthu osauka. Kumadera a olemera sizili choncho. Zimenezo zimandivuta mumtima ndikamatsitsa makatoni a vodka yotchipa ija. Edmonton ili ndi lamulo loti sitolo yatsopano italikirane ndi inzake mamita 500, koma ambiri anali atakhazikika kale.

Nachisale, Hamilton:
Zikomo nonse, Gogo zikomo kwambiri, mdzukuluyo mumuthokoze. Dzulo madzulo ndinapita ku kasitolo kaja ndekha. Mwini wake ndi bambo waulemu, timadziwana zaka zisanu. Ndinamufunsa za filiji ija. Anandiuza kuti fodya sakuyendanso malonda ngati kale, lendi inakwera, ndipo akanakana chiphaso makasitomala ake onse akanapita pa sitolo ya patsidya imene inatenga. Anandionetsa satifiketi ya Smart Serve, imene wogulitsa mowa aliyense kuno amayenera kukhala nayo, n'kunena kuti amafunsa chitupa aliyense wooneka wamng'ono. Ndinamukhulupirira. Koma Loweruka ndi Lamulungu pa tilu pamakhala mnyamata wa ku koleji, yekhayekha mpaka 11 koloko usiku, ndipo anzake a mwana wanga amamudziwa. Ndinapempha kuti zitini za mango zija azichotse pafupi ndi majuwisi, aziike kumapeto. Anati ayesa sabata ino wobweretsa katundu akabwera.

Mwana wanganso ndinakhala naye pansi. Anandiuza kuti kusukulu kwawo aliyense amadziwa sitolo imene safunsa chitupa, ndipo si ya pakona pathu. Dzina anakana kunditchulira.

Nankhoma, Uppsala:
Musamukakamize lero, achemwali, wakuuzani kale zambiri. Akadzakutchulirani, madandaulo otere ku Ontario amapita ku AGCO, bungwe limene limapereka ziphasozo, ndipo lili ndi mphamvu yoimitsa chiphaso.

Nachisale, Hamilton:
Ndalemba dzina la AGCO. Lachisanu tili ndi msonkhano wa makolo kusukulu, ndikaikweza kumeneko, chifukwa ndikukhulupirira kuti makolo ena anamvapo za sitolo imeneyo. Aphunzitsi Kamanga, mundilole ndikafotokoze nkhani ya mnyamata wa masacheti m'sokosi uja?

Aphunzitsi Kamanga, Blantyre:
Kafotokozeni, mayi. Mukawauzenso kuti anali mwana wanzeru, wa nambala 3 m'kalasi, ndipo mayeso a Sitandade 8 sanalembe.